Gawo Lachiwili la ku Petauke

Filimu ija tinaonela pafoni ya alamu anga ku Kalindawalo: ana asukulu akuthawa chilombo chochokela kumwezi. Onse anaseka, ati ndi munthu wavala mphila, zipi ikuoneka kumsana. Ine ndekha ndinakuwa mpaka kutaya lichelo la mtedza.

Kuyambila pamenepo alamu ankakuwa monditsanzila paliponse, kuchigayo ngakhale potuluka m'tchalitchi.

Ndiye ndinawanamiza. "Alamu, gawo lachiwili akuonetsa ku Petauke. M'menemo chilombo n'chenicheni."

Gawo lachiwililo kulibe. Anapalasa njinga dzuwa likuswa mtengo, ine mtima uli mbee.

Atabwela, fumbi mpaka m'nsidze, ndinawafunsa, "Zinali bwanji?"

"Loyamba lija ndiye labwino," anatelo osandiyang'ana.

Ndikanaulula pomwepo. Koma ndawauza kuti gawo lachitatu lafika ku Nyimba.