Nkhondo ya Matumba a Udzu

Dzulo pa Chezi ndinadutsa pomwe anthu amadinda fodya, ndipo fungo la chiguduli linandikumbutsa agogo anga aamuna.

Nkhani za kusirikali ankazikamba akusoka mabelo. Ankati asanawatumize kunkhondo ya azungu, anayamba awaphunzitsa kubaya matumba a udzu ndi mpeni wa kunsonga kwa mfuti.

"Sajeni ankati tizikuwa pobaya," ankatero agogo. "Ukabaya mwaulemu, unkazungulira bwalo lonse thumbalo lili pamutu!"

Ine ndinkaseka mpaka misozi, koma funso linkandisowetsa mtendere. Ndinkayesa kuti nkhondo yonseyo inali yolimbana ndi matumba. Nanga matumbawo analakwanji? Ndinafika pobaya belo lawo ndi kamtengo, kuti ndione ngati lingabwezere.

Tsiku lina ndinafunsa, "Agogo, mutafika kunkhondoko, matumbawo ankathawa?"

Singano inaima m'chiguduli.

"Kumeneko kunalibe matumba, mwanawe. Tandipatsira chingwecho."

Ndachita kumera imvi kuti ndizindikire chifukwa chake nkhani zawo zonse zinkathera pabwalo lophunzirira lija.