Tsiku limene ndinasesa ndakatulo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene azakhali ananditenga kumudzi, mayi atamwalira, kuti ndikakhale nawo kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa South Bend. Masiku amenewo sindinkamva kanthu mumtima. Akandipatsa chakudya ndinkadya, akati gona ndinkagona.

M'nyumba ya pansi pathu munkakhala bambo wokalamba wochokera ku Belarusi. Tinkangowatchula kuti agogo. Azakhali ankati kwawoko anali mlakatuli wodziwika. Pa nthawiyo ankamasulira m'Chingerezi ndakatulo za mnzawo amene anamwalira osasiya buku. Ndakatulozo agogo anaziloweza ali mnyamata, ndipo mutu unali utayamba kuiwala.

Tsiku lina la holide agogo anapita kwa dokotala. Azakhali anandipatsa kiyi.

"Pita ukawakonzereko m'nyumba. Munthu wamkulu asamakhale ngati m'khola."

Munkanunkha tiyi wozizira ndi mabuku akale. Pabalaza ponse panali timapepala tong'ambang'amba pansi, tina ta zilembo zopindika zimene ndinali ndisanazionepo. Kwathu chimene chili pansi ndi chinyalala. Ndinasesa mpaka kuseri kwa mipando, ndinakolopa, thumba ndinakaliponya m'bini yaikulu panja. Galimoto ya zinyalala inabwera ine ndikutsuka makapu.

Agogo atabwerako anaima pakhomo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

Ndi pamene ndinadziwa kagwiridwe kawo ka ntchito. Mzere uliwonse umene akumbukira ankaulemba pakapepala kake, Chibelarusi uku, Chingerezi uku, n'kumasuntha timapepalato pansi ndi ndodo yawo mpaka mawu atakhala pamalo pake. Ndinali nditataya ntchito ya chilimwe chonse.

Azakhali anagwada pakhomo pomwepo. "Pepani agogo, ndine ndinamtuma." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, pakamwa pakopo ndi podyera pokha? Sukanafunsa?"

"Musiyeni," anatero agogo m'Chingerezi chawo cholemera. "Koma mawa abwere. Adzakhale pampando uwo, azidzandimvera."

Ndinkapita m'mawa uliwonse. Iwo ankayenda uku ndi uku akulakatula m'chinenero chawo, ine nditakhala phee, manja pamiyendo, osamva ngakhale liwu limodzi. Akakumbukira mzere ankandiyang'ana kaye, kenako n'kulemba. Ndakatulo zambiri zinabwerera. Koma panali imodzi, ya chitsime cha m'mudzi mwa mnzawoyo. Ankafika nayo pakati n'kuima. Anayesa sabata yathunthu. Tsiku lomaliza anangokhala pansi n'kunena kuti, "Yapita imeneyo. Ika madzi a tiyi."

Sindinalire. Ndinaika madziwo.

Pano ndimakhala ku Lawrence, mu Indianapolis, ndili ndi mwana wanga wamkazi. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikuona tsopano kuti kukhala pampando paja sikunali chilango. Munthu amakumbukira bwino pakakhala wina womumvera, ndipo m'tauni yonse ija analibe wina. Ndaphunziranso kuti m'nyumba ya mwini, tsache lisanagwire pansi, umayamba wafunsa.

Bukulo linatuluka agogo atamwalira kale. Azakhali ananditumizira. Ndakatulo ya chitsime ilimo, imathera pakati pa tsamba, ndipo kunsi kwake sanalembeko kanthu. Pamenepo ndi pamene ndinasesa.