Ndinalipira Njinga ya Mpikisano, Anandipatsa ya Kaliyala

Njinga yamoto imene ndinalipira si imene anandipatsa. Injini inali yomweyo, thanki yomweyo, koma njingayo inali ina. Zinachitika ku Ndola, m'shopu ina ya m'tauni, kwacha itangolowa kumene m'malo mwa paundi. Dzina la shopuyo sinditchula, inatsekedwa kalekale. Kukwiya ndinatopa nako. Chatsala ndi dzanzi basi, ndiye ndingofotokoza mmene zinayendera.

Nthawi imeneyo ndinali fitala, wokonza makina, pamgodi ku Kitwe, ndikukhala ku Buchi ndi mkazi wanga, amake Rabeka. Mkuwa unali pamtengo. Anzanga ankagula masuti ndi mawailesi aakulu ngati kabati. Ine mtima wanga unali kuseri kwa chiphiri cha dothi la mgodi, kumene azungu a kalabu ina ankathamangitsa njinga zamoto m'matope Lamlungu. Kapitawo wanga, mzungu naye, anali ndi njinga yakale ya mtundu umenewo. Ndinkamukonzera, iye n'kumandilola kukwera Loweruka. Ndinagwa mpaka ndinaleka kugwa.

Kapitawoyo ndiye anandilankhulira ku kalabu. Ufulu tinali titalandira, choncho kukana poyera kunawavuta. Anati ndibwere kamodzi, ndi njinga yangayanga, ndilowe mpikisano. Ndikaumaliza, ngakhale wotsiriza, ndine membala. Ndikalephera, nkhani yathera pomwepo. Munthu wakuda anali asanaimepo pamzere umenewo. Mwayi unali umodzi, ndipo ndinkadziwa.

Mashopu a njinga analipo ku Kitwe komweko. Ndiye ku Ndola ndinkatsata chiyani? Ndinkatsata amalume anga, a Sakala, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali munthu wakuda woyamba kuima kuseri kwa kauntala m'shopu ija, atavala tayi. Analinso mkulu wa mpingo ku Kabushi. Kwathu ku Katete malume ndiye mwini mbumba. Sukulu anandilipirira ndi iwo, ukwati wanga anakamba ndi iwo. Ndikanagula kwina, nkhani ikanafika kwa amayi kumudzi ine ndisanafike n'komwe ku Buchi.

Kusankha sindinachite mothamanga. Panali ina ya ku Mangalande, ya mawu okoma, koma yolemera. Ine ndine wochepa thupi, ndipo njinga imeneyo ikagwa m'matope ikanafuna anthu awiri oidzutsa. Panali ina ya ku Japan ya pamsewu, yotchipa, ya nyali ndi kaliyala, imene ankagula amesenjala. Ndinangoidutsa. Yanga inali pakona. Ya ku Japan nayonso, koma yopepuka, yaitali miyendo. Matayala ake a mano akuluakulu oluma dothi. Madigadi yakutsogolo yokwezedwa kutali ndi tayala kuti matope asadzazemo. Paipi ya utsi yodutsa m'mwamba kuti isagunde miyala. Nyali inalibe, chishalo cha munthu mmodzi.

Zonsezi ndinawafotokozera amalume chimodzichimodzi, ndikuloza ndi chala. Ankagwedeza mutu.

"Nanga amake Rabeka akhala pati?" anafunsa.

"Iyi si ya amake Rabeka, amalume. Ni ya mpikisano."

"Wa pa Sabata uja?"

"Womwewo."

Anasisita tayi. "Chabwino, mphwanga. Uisiye tiimange bwino. Ubwere pa Chisanu."

Ndinalipira yonse tsiku lomwelo. Mwambo wa shopuyo unali woti njinga yatsopano igonepo masiku angapo, amakanika aiyang'ane ndi kumanga mabawuti. Sindinaone vuto. Ndi ndani amene amakayikira malume ake?

Lachisanu nditaweruka ndinakwera basi, ndinafika cha m'ma hafu foro. Mpikisano unali Lamlungu. Ndinapeza amalume akundidikira pakhomo, akumwetulira mano onse. Anaitana amakanika kuti adzaonerere. Njinga anali ataifunda nsalu. Anaivundukula okha.

Matayala osalala a pamsewu. Madigadi yotsika, yongotsala pang'ono kukhudza tayala. Paipi pansi. Nyali kutsogolo, kagalasi m'mbali, chishalo chachitali cha anthu awiri. Kumbuyo kaliyala yakuda, yolimba, yoti n'kunyamula thumba la makala.

Ndinayang'ana m'shopu monse kufuna njinga yanga. Kenako ndinawerama n'kuwerenga nambala ya injini. Inali yanga.

"Amalume, matayala anga ali kuti?"

"Aja a mano? Anatenga mzungu wina wa ku Kansenshi, wa kalabu yomwe ija. Paipi na madigadi anatenganso. Anali kuzifuna maningi, masipeya sakubwera manje. Ine ninati kwa abwana, pali njinga ya mphwanga apa, iye zamano izi sizimuthandiza. Abwana anakondwa, mzungu anakondwa. Iwe sunawonjezepo olo ngwee imodzi. Kaliyala ni ya mahala."

"Koma munafunsa ndani?"

"Kufunsa? Iwe Yotamu, pokakwatira unafunsa ndani? Si ine? Munthu wa banja ugule njinga yopanda nyali, yopanda pokhala mkazi. Amako nikawauze chiyani? Kuti ninali pomwepo nikuyang'ana?"

Ananena mosakalipa. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti andichitira zabwino, ndipo chimenecho n'chimene chinandithera mphamvu. Wakuba mumamugwira pakhosi. Nanga munthu amene akudikira zikomo mumamugwira pati?

Mwini shopu anatuluka mu ofesi, makiyi ali m'manja. Ndinamufotokozera m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti ndinalipira njinga ya mpikisano ndipo mpikisanowo ndi mkuja. Anayang'ana amalume, n'kuyang'ana wotchi. Anati a Sakala anamuuza kuti kasitomala wafuna yekha kusintha. Ndinati kasitomalayo ndine, ndipo sindinanene zimenezo. Anafunsa ngati a Sakala si amalume anga. Ndinavomera. Anati ndiye ndi nkhani ya m'banja, iye salowerera.

Ndinapempha kuti andibwezere zinthu zanga. Anati zinapita kale, ndipo sangakavule njinga ya kasitomala. Ine ndinali chiyani, mlendo wodzaona? Ndinafunsa za matayala ena. Anati njira yakumwera yolowera katundu m'dziko ili pamavuto, katundu akuzungulira kutali, mwina miyezi ingapo. Ndinapempha ndalama zanga. Anati njinga yalembetsedwa kale m'dzina langa kuti iziyenda pamsewu, ndipo yolembetsedwa sibwerera. Amalume ndiwo anakailembetsa, kundichepetsera ntchito. Kenako mwini shopu anati akutseka.

Munthu wina akanamenya kauntala. Akanatukwana mpaka apolisi abwere. Ine amakanika anali akuyang'ana, ena a iwo a kwathu, ndipo amalume anali atatambasula dzanja ndi kiyi. Mwana wa mlongo sakalipira malume pagulu, makamaka pantchito pawo, pamaso pa abwana awo. Ndinalandira kiyi ndi manja awiri.

Kuchoka ku Ndola mpaka ku Kitwe njingayo inayenda bwino kwambiri. Sinatsokomole ngakhale kamodzi. Nyali inkawala. Ku Buchi amake Rabeka anatuluka, anayesa chishalo, anagwedeza kaliyala kuti aone kulimba kwake. Anati, "Amalume anu aja ni munthu woganiza." Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pampando, nsapato zili kuphazi.

Loweruka ndinazungulira Kitwe yense kufuna matayala a mano. Kulibe. Mawilo a njinga ya kapitawo sanalowe. Zina ndinatha kukonza, fitala ndine. Ndinachotsa nyali, kagalasi ndi kaliyala. Madigadi ndinaikweza ndi tizitsulo. Koma tayala simungalisule m'wekishopu. Ndinatenthetsa mpeni pambaula n'kuyamba kudula mizere pa matayala osalalawo. Nyumba yonse inanunkha mphira. Ndinkadziwa kuti sizithandiza, manja okha ndiwo ankagwira ntchito.

Lamlungu kunacha ndi mvula.

Anthu a ku Buchi anabwera wapansi, ena atafunda masaka. Anzanga a pamgodi analipo ambiri. Nkhani inali itamveka kuti wathu akulowa. Mulenga, mnzanga wa shifiti imodzi, ataona chishalo chachitali chija anandifunsa m'Chibemba, "Mune, bushe uleya ku maliketi?" Ngati ndikupita kumsika. Ataona nkhope yanga analeka kuseka. Woyang'ana njinga wa kalabu anagwada, anasisita mizere yanga ya mpeni, n'kunena kuti lamulo loletsa palibe, khosi ndi langa.

Mbendera inatsika. Pamalo athyathyathya ndinayenda nawo. Ndinadutsa awiri, ndipo ndinamva anthu athu akufuula dzina langa. Kenako tinafika pachitunda choyamba. Ena onse anakwera. Ine tayala lakumbuyo linangozungulira pamalo amodzi, likumwaza matope. Njinga inabwerera chammbuyo, ndinagwa. Ndinaidzutsa. Kupepuka kwake kunandithandiza pamenepo, poidzutsa ndinasankha bwino ndithu. Ndinabwerera pansi, ndinathamanga, ndinafika pakati, ndinagwa. Ndinayesa kukankha, nsapato zinaterereka.

Ndili pomwepo opikisana nawo anazungulira bwalo lonse n'kundipeza. Mmodzi anali ndi paipi yatsopano yonyezimira m'mwamba, matayala akuda bii, mano onse athunthu. Anakwera chitundacho osatsitsa phazi. Podutsa anandikwezera dzanja mwaulemu. Sindikhulupirira kuti ankadziwa kuti wakwera pa chiyani.

Atazungulira kachiwiri, munthu wa mbendera anabwera n'kunena kuti ndikutsekereza njira, ndichoke ndisanavulaze wina. Ndinakankha njinga kudutsa pamene panaima anthu a ku Buchi. Palibe anaseka. Akanaseka bola. Anangopatuka kundipatsa njira, maso ali pansi, mvula ikuwagwera. Ine sindinamve manyazi, sindinamve ukali, ngakhale bondo limene linkatuluka magazi sindinalimve. Ndinaliza injini n'kupita kunyumba.

Lolemba kapitawo anandiuza mawu a kalabu. Anati mwayi anapereka, ndipo munthu anabwera ndi matayala odula ndi mpeni, zomwe zikuonetsa kuti sanakonzeke. Mwina chaka chamawa. Chaka chamawa chisanafike kapitawoyo anamaliza kontirakiti n'kubwerera kwawo. Wondilankhulira panalibenso.

Ku shopu ndinabwererako, musaganize kuti ndinangokhala. Ulendo woyamba anati sitima sinafike. Wachiwiri anati yafika koma malole achedwa. Ulendo wina anati matayala anabwera, koma anatha, chifukwa mamembala a kalabu ndiwo amayamba kupatsidwa. Ndinafunsa kuti munthu amakhala bwanji membala wopanda matayala. Mwini shopu anati funso limenelo ndikafunse ku kalabu. Nthawi zonse amalume ankandiperekeza mpaka panja, kugwira kaliyala, imene amake Rabeka anali atandibwezeretsa, n'kunena kuti, "Waona? Ikali yolimba."

Njingayo inagwira ntchito, sindinganame. Inanyamula ufa. Inanyamula amake Rabeka kupita kuchipatala ali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Inanyamula amalume omwewo kupita kumisonkhano ya mpingo, atakhala kumbuyo kwanga, chipewa chili m'manja. Paukwati uliwonse, pamaliro aliwonse, ankauza anthu kuti mwana uyu anafuna kugula njinga yodziphera pa Sabata, iwo ndiwo anamupulumutsa. Anthu ankandiyang'ana ngati wamwayi. Kenako mkuwa unatsika mtengo, azungu a kalabu anapita, ndipo pabwalo paja panamera udzu. Pamzere woyambira sindinaimenso.

Ndiye ndifunse, poti nthawi imeneyo sindinayankhidwe. Chinthu chikalipiridwa chimakhala cha yani? Shopu imene imagulitsa tayala limodzi kawiri, kwa anthu awiri, imatchedwa chiyani? Akanakhala mzungu wa ku Kansenshi uja amene anasiya njinga yake kuti aimange mabawuti, akanaiika kaliyala? Amalume ake akanafunsidwa?

Inu amene mukusankha njinga ya m'tchire lero, yang'anani kulemera kwake, kutalika kwake ndi matayala, zonsezo n'zofunika. Koma mukalipira, tulukani nayo tsiku lomwelo. Ngati mulibe mafuta, kankhani. Ndipo gulani kwa munthu amene mungathe kumukalipira.

Amalume anamwalira ku Kabushi atakalamba bwino. Pamaliro abale anati mwana wa mlongo ndiye alankhule m'malo mwa mbumba. Ndikunyamuka, amake Rabeka anandikoka jekete n'kunong'ona kuti ndisaiwale za njinga. Tchalitchi chinali chodzaza, ana awo atakhala kutsogolo akundiyang'ana. Ndinanena za sukulu. Ndinanena za ukwati. Kenako ndinati amalume anandisankhira njinga yabwino, imene inathandiza banja lathu zaka zambiri. Anthu anavomera pamodzi. Ndinakhala pansi.