Masamba a Maliro Pageti la Eni Ake

Nyumba yanga ili kuseri kwa mabala omwera mowa, pamene msewu wafumbi umapatuka pa tala kulowera kumanda. Ndinafikapo mwana wanga woyamba ali kumsana, lero iyeyo ali ndi imvi. Abale anga a ku Kasinje amandifunsabe kuti ndimagona bwanji m'phokoso limeneli. Ndimawauza kuti phokoso la mabala ndinalizolowera ngati mkonono wa mwamuna. Koma chiikireni mnzanga m'manda, mtima sunakhale pansi. Ndimati ndikhale pampando, ndadzuka. Nditenge tsache, ndalisiya pakati pa bwalo.

Ndiyambe ndi mmene kunalili kuno, kuti mumve bwino.

Kunali mabala a malata adzimbiri, ondondozana ngati mano. Madalaivala a mathiraki ankaima pano, ogula kachewere wa ku Tsangano ankagona pano, ndipo ine ndinkaphika masese kuseri, kugulitsa kwa amene botolo linkawakanika. Ndewu inali yosasowa. Magumbagumba ankalira mopikisana mpaka makapu kunjenjemera pathandala. Sindikunena kuti kunali kwabwino ayi. Kunali kwauve, ndipo ana anga ndinkawatsekera m'nyumba dzuwa likangopendeka.

Koma kunali lamulo limodzi limene ngakhale chidakwa chogona m'ngalande chinkalidziwa. Pamphambano panali mtengo waukulu wa mango. Kukagwa maliro, munthu ankapita kukathyola nthambi zake n'kuziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi. Basi. Panalibe woyenda kukagogoda m'mabala. Wanjinga ankatsika n'kumakankha, wagalimoto ankayenda ngati wanyamula mazira, ndipo magumbagumba onse ankazima mpaka titabwerako kumanda. Atsikana a m'mabala ankamanga zitenje, kusenza zidebe n'kumatunga madzi a pasiwa osatumidwa ndi munthu.

Mmodzi wa atsikana amenewo ndiye anadzakhala mnzanga. Anachokera cha ku Tsangano, mwina kutsidya kwa malire, sankafuna kunena. Anabwera ali kamtsikana kowala, kovina mpaka amuna kuiwala mathiraki awo. Zaka zitamutha anayamba kutsuka matambula, kenaka kukazinga zitumbuwa, kenaka chifuwa. Analibe mwana, analibe m'bale wobwera kudzamuona. Ndinamupatsa kachipinda kumene kale ndinkasungiramo chimera, ndipo tinkaitanana kuti asisi, ngakhale kuti sitinayamwe bere limodzi.

Tsiku lina tikusankha nyemba pakhonde, anatsokomola nthawi yaitali, n'kupukuta pakamwa, n'kuseka.

"Asisi, ine ndikadzafa akwaya sadzabwera. Ndikudziwa."

"Mwayambatu zanu zija," ndinatero.

"Ayi, mverani. Sindikufuna nyimbo, sindikufuna nkhata za maluwa. Mudzangondizimitsira mawailesiwa. Ndavina zokwanira ine. Moyo wanga wonse ndagona m'phokoso, tsiku limodzi lokhalo ndidzapite kuli zii."

"Zimenezo n'zovuta ngati? Si masamba basi?"

"Lonjezani."

Ndinalonjeza ndikuseka, nyemba zili m'manja. Sindinayang'ane n'komwe kumphambano, kumene mtengo wa mango unali utagwa kale.

Pajatu nthawi imeneyo kuno kunali kutayamba kusintha. Anthu a magalimoto owala anayamba kugula mapuloti. Bala imodzi inagwetsedwa, ina inagwetsedwa, mpaka zinatsala ziwiri zokha zakale. Pamphambano panamangidwa mpanda wautali wa njerwa, wa geti lachitsulo. Mwini wake anali bambo wa msinkhu wa mwana wanga, wochokera ku Lilongwe, waulemu wake ndithu. Mkatimo anadzala kapinga womathirira ngakhale mwezi wa Okutobala ife tikukanganirana pamjigo. Anamangamo tizisakasa tofolera udzu. Ife moyo wonse kulimbana kuti tichoke muudzu tilowe m'malata, iwo kugula udzu kuti azimwera mowa pansi pake! Pageti anakhomapo chikwangwani. Ine zolemba sindiziwerenga, koma makasitomala anga anandiuza kuti chimati wa patapata asalowe.

Kenaka anayamba kudandaula. Utsi wa masese anga ukulowa kwa alendo. Nkhumba za aneba zikununkha. Zidakwa zanu zikukodzera mpanda. Zina zinali zoona. Koma ine ndinkadabwa kuti munthu wabwera yekha pakati pa mabala, n'kumadabwa kuti pali zidakwa. Mtengo wa mango uja anaudula kuti magalimoto aziima bwino, ndipo kunja kwa mpanda anadzala timitengo tosongoka ngati mikondo, topanda zipatso, topanda mthunzi woti ngakhale galu n'kugonapo.

Mnzanga anatisiya Lachisanu m'mamawa. Nditamutseka maso ndi kuitana amayi oyandikana nawo, ndinatenga chikwanje kuti ndikayale masamba. Ndinaima pamsewu n'kuyang'ana kumtunda, kuyang'ana kumunsi. Mipanda, malata, mawaya a magetsi. Mtengo panalibe. Bulugamu ali kuphiri, ndipo miyendo yangayi sikanandifikitsa. Ndinazungulira, ndinabwerera, ndinazunguliranso, chikwanje chili m'manja ngati wamisala. Maso anga anagwera pa timitengo tosongoka tija.

Ndinadula nthambi zisanu ndi imodzi. Zitatu ndinayala kumunsi kwa nyumba yanga, zitatu kumtunda, pafupi ndi geti.

Mlonda wa pamenepo ndi bambo wa ku Manjawira, ndimamudziwa, ankamwa masese anga asanapeze yunifolomu. Anatuluka akuthamanga, manja ali kumutu.

"Amayi, mwandiphetsa! Mwandiphetsa ine!"

"Kwagwa zovuta, bambo. Asisi aja atisiya."

Anavula chipewa, n'kuyang'ana pansi. Kenaka anachivalanso.

"Pepani, amayi. Koma mitengo imeneyi abwana amaiwerenga ngati ana. Ndipo mawa kuli oyimba ochokera ku Blantyre. Magalimoto adutsa pati?"

Anatola nthambi za pageti zija n'kuziponya m'ngalande, osandiyang'ana kumaso. Ine ndinatsika m'ngalandemo, ndinazitola, ndinaziyalanso. Iye anazichotsanso. Tinachita zimenezi katatu, anthu akuluakulu awiri, mpaka akabaza a pasiteji anayamba kuseka. Mmodzi anakuwa kuti, "Alonda, agogowo akuposani mphamvu, apatseni yunifolomuyo!"

Phokosolo ndi limene linatulutsa mwini malo. Anayang'ana timitengo take todukaduka, nkhope inasintha, koma anadzigwira.

"Agogo, mwadula ndinu?"

"Ndine. Mango a maliro munadula ndinu."

"Mango a maliro?" Anayang'ana mlonda, mlonda anayang'ana nsapato zake. Ndinaona kuti bamboyo sankadziwa n'komwe chimene anagwetsa.

Ndinamufotokozera zonse, za lamulo la kuno ndi za lonjezo langa. Anamvetsera ndithu, manja ali kumbuyo.

"Pepani kwambiri ndi zovutazi. Anali ndani wanu malemuwo?"

Ndinene kuti anali ndani? Mchemwali ayi, mlamu ayi.

"Anali wa pano," ndinatero. "Anavina pamene mwaimapo inu mukadali mwana."

"Agogo, ndikumva. Koma oyimba ndinawaitana kalekale, anthu anamva kale pa mafoni, ena anyamuka kale. Sindingawabweze. Tichepetsako pang'ono. Ndipo galimoto yanga ilipo, inyamule bokosi mawa."

"Sanapemphe galimoto, mwananga."

Anatambasula manja, n'kulowa. Geti linatsekedwa.

Madzulo amenewo mabala awiri akale aja anazimitsa okha, popanda wowauza. Atsikana awo anabwera ndi zidebe monga kale. Bambo wachisilamu wa golosale ya pakona anatseka chitseko chimodzi n'kutumiza nsalu yoyera. Koma kuseri kwa mpanda masipika ankagunda, ndipo kuchepetsa kumene ananena kuja ine sindinakumve. Malata a kachipinda kamene mnzanga anagonamo ankanjenjemera. Ndinkatuluka, kulowa, kutulukanso. Amayi ena anandigwira mkono kuti, "Khalani pansi, agogo, mugwa." Ndikhala bwanji pansi munthu ndinalonjeza ndikuseka?

Loweruka tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Akwaya sanabweredi. Amayi anayi a kutchalitchi kwathu anabwera paokha, osavala zoyera, ndipo anayesa kuyimba, koma mawu awo ankathera m'kamwa. Oyimba a ku Blantyre anali atayamba. Bokosi ananyamula akabaza ndi makasitomala anga akale, ena miyendo ikulephera kuwongoka. Ine ndinali patsogolo, nthambi imodzi yofota ili m'manja. Sindikudziwa chifukwa chimene ndinaitolera.

Titafika pageti tinapeza njira palibe. Magalimoto anaima uku ndi uku, pakati pangotsala mpata woti n'kudutsa mbuzi. Onyamula anaima, bokosi lili pamapewa. Geti linali lotsegula, ndipo ndinaona mkati koyamba: kapinga wobiriwira, mipando yoyera, nyama ikuwotchedwa, anthu atanyamula matambula m'mwamba.

Anthu amati ndinachita dala. Sindinachite dala. Ndinangopezeka ndakhala pansi pafumbi, pakati penipeni pa geti. Amayi a kumbuyo kwanga ataona ine ndakhala, nawonso anakhala, monga timachitira pamaliro. Atsikana a m'mabala anakhala. Msewu wonse unadzaza zitenje.

Bambo wina wamimba yaikulu anatuluka akugwedeza makiyi, akukuwa kuti ndani akutseka njira. Kenaka anaona bokosi. Anavula kapusi n'kunjuta pomwepo, botolo n'kuliika kumbuyo kwake ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Mayi wina wa thalauzi lothina anathamangira ku galimoto yake, anatulutsa chitenje pansi pa mpando n'kumanga m'chiuno. Ndinati mumtima, kodi inunso muli ndi kwanu?

Woyimba wa patsogolo ndiye anatiwona kuchokera pamwamba pomwe anaima. Anasiya nyimbo pakati pa mawu. Gitala anapitiriza pang'ono, n'kuleka. Wang'oma, amene anali kumbuyo osaona kanthu, anagundabe yekha, gu, gu, gu, mpaka wina anamugwira dzanja. Kunatsala kulira kwa jenereta. Ndinaona mlonda uja akuyenda chammbali mwa mpanda, osathamanga, ndipo posakhalitsa nayonso inazima.

Kunali zii.

Zaka zonse zimene ndakhala pano, zii wotero ndinali nditamuiwala. Ndinamva njiwa kudenga la golosale. Ndinamva mafuta a nyama akuthetheka pamakala. Ndinamva mmodzi wa onyamula bokosi akupuma movutika, ndi thiraki ikusintha giya kutali pa tala. Mwini malo anafika pageti n'kuima. Anayang'ana ine, anayang'ana nthambi ya mtengo wake m'manja mwanga. Anangokodola eni magalimoto, ndipo anayamba kuwasuntha mmodzimmodzi, mwakachetechete, opanda hutala.

Atsikana awiri anandidzutsa. Tinadutsa. Amayi anayi aja anayamba nyimbo yawo motsitsa, ndipo ulendo uno inamveka.

Kuchokera pageti kukafika pa kamlatho ka matabwa ndi mtunda woti munthu wosenza madzi sapumira. Titangoponda matabwa aja, kumbuyo jenereta inatsokomola. Tisanafike pamitengo ya kumanda gitala anayamba, pang'onopang'ono ngati akuchita manyazi, kenaka ng'oma. Pamene adzukulu okumba manda ankatsitsa bokosi ndi zingwe, nyimbo inali itabwerera mwakale, mphepo ikuibweretsa mpaka pamtumbira.

Ndinagwada n'kuponya dothi langa. Ndinati, "Asisi, ndayesetsa. Mwapatsidwa kuchokera pageti mpaka pamlatho." Nthambi ija ndinaisiya pamenepo.

Papita miyezi tsopano. Timitengo tija anatizinga ndi waya. Mlonda akadali pantchito, koma akandiona amayang'ana kumbali. Mwini malo amandipatsa moni waulemu kuposa kale, ndipo watumiza kale anthu kawiri kudzafunsa ngati puloti yangayi ndingaigulitse. Imodzi mwa mabala akale aja yagwetsedwa mwezi wathawu. Mwana wanga akuti, "Amayi, tiyeni ku Kasinje, kumeneko mitengo ndi yambirimbiri." Ndimamuyankha kuti ndamva. Sindinamange katundu, sindinakanenso.

Chimene chimandizunguza n'chakuti sindidziwa ngati ndinasunga lonjezo kapena ayi. Iye anati tsiku limodzi. Ine ndinamupezera kamtunda kochepa kaja. M'mawa mwina ndimapezeka ndafika pageti popanda chimene ndikufuna, n'kuyamba kuyenda kulowera kumlatho, pang'onopang'ono monga tinayendera tsiku lija, kuyesa ngati n'kutalikirako ndikachepetsa mapazi. Akabaza amandifunsa kuti, "Agogo, tikunyamuleni?" Ndimawabweza ndi dzanja.

Pakhomo panga, m'chidebe chobooka chimene mnzanga ankakazingira pafupi nacho zitumbuwa, ndinakwirira njere ya mango. Inamera. Ndimaithirira madzi otsukira mbale, ndipo mbuzi za aneba ndathamangitsana nazo mpaka kutukwanizana ndi eni ake. Dzulo ndinawerenga masamba ake ndi chala. Alipo asanu ndi awiri. Sangatseke ngakhale njira ya nkhuku.