Mayi Amene Sindinawalembe M'kaundula

Ndili ndi chitini chimene ndimachimangirira kudenga, pamene madzi a Shire sanafikepo ngakhale chaka chimene anatikokolera mbuzi zonse. Muli mapepala a mpingo wathu wa kwa Mbenje, kuyambira pamene anandisankha kukhala mlembi tsitsi langa lili lakuda. Ana anga amati ndikusungira chiswe chakudya. Azinena choncho.

Masiku amenewo tinali ndi mwambo umene ndimausowa kwambiri. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, ndinkatchula mayina a odwala, ndipo wofuna kukawatungira madzi kapena kuwasinjira mapira sabata imeneyo ankabwera kudzalemba dzina lake papepala. Wosadziwa kulemba ankadinda chala. Panalibe wokakamiza mnzake. Kutsata Yesu tinkakuona m'mitsuko yolowa m'nyumba za anthu ogona pamphasa.

Panali mayi wina amene anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, mwana kumsana, mphika pamutu. Anandiuza kuti anabatizidwa kwawo, koma kalata inapsera m'nyumba. Ine ndinati, "Mayi, popanda kalata sindingakulembeni m'kaundula." Iwo anangoyankha m'Chisena chawo kuti, "Takhuta, baba," ndiko kuti zikomo, n'kukakhala pa benchi yakumbuyo. Koma pa pepala la odwala chala chawo sichinkasowa. Chinali ndi chipsera cha chikwakwa, ndiye chidindo chake chinkatuluka ndi mzere woyera pakati.

Mayiwa anamwalira chaka chatha, nyengo yotentha. M'mawa mwake akulu a mpingo tinakumana pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi siwa. Wapampando wathu, amene amagulitsa nsomba ku Bangula, anatsegula kaundula nati, "Dzina lawo mulibe. Maliro tiika, koma mpingo suyimba, ndipo nsalu yoyera siyalidwa pabokosi."

Ndinapsa mtima. Ndinapalasa njinga dzuwa likuswa mtengo kukatsitsa chitini chija. Nditabwerera ndinayala mapepala pamphasa n'kuwapanikiza ndi miyala.

"Apampando, onani chala ichi cha mzere. Sabata imeneyi ankadwala ndani? Werengani."

Anawerama, nawerenga dzina la mayi awo owabereka.

"Tsegulani lotsatira. Ndi lina. Miyezi yonse imene mayi anu anagona osadzuka, amene ankawatembenuza ndi kuwachapira nsalu anali ndani?"

Mkulu wina anaseka. "Madala, mapepala anuwa mudzapita nawo kumanda."

"Ndidzapita nawo, achimwene. Ndipo dzina lanu ndalifunafuna m'menemu, sindinalipeze."

Ena anabisa nkhope kuseka. Koma wapampando sanaseke. Anandiyang'ana nati, "Bambo, nanga amene anakana kuwalemba m'kaundula ndani? Si inu?"

Ndinayang'ana mapepala aja. Chinali choona, ndipo pepala lotsimikiza zimenezo linali pamphasa pomwepo, lolembedwa ndi dzanja langa: alibe kalata, adikire. Anadikira mpaka imvi.

"Ndi ine," ndinatero. "Ndinkafuna kalata imene inapsa, chonsecho mayiwa ankandidindira ina pamaso panga sabata ndi sabata. Ndinalakwira iwo, ndinalakwiranso Mulungu. Koma kulakwa kwanga musakuike m'manda mwawo."

Wapampando anayang'ananso dzina la mayi awo papepala paja. Kenaka anatembenuza kaundula, nandipatsa pamodzi ndi cholembera. Ndinalemba dzina lawo, mpaka kudetsa tsambalo, ine amene ndinali ndisanadetsepo tsamba.

Tisanadzuke n'komwe, mayi wina wa mpingo anamasula chitenje natulutsa nsalu yoyera yopindidwa bwino. Anali atabwera nayo kale, osadikira zathu. Nyimbo inayambira m'siwa, ndipo sinaleke mpaka tinakafika kumanda.

Pepala la odwala linasiya kuyenda kalekale. Lomaliza ndili nalo m'chitinimu, ndipo pamzere wake woyamba pali chala cha mzere woyera.