Batani Limene Anthu Ankaopa Kudina

Nowa ndamudziwa zaka makumi anayi ndi ziwiri, kuyambira ali kubere m'komboni ya Eiffel Flats kuno ku Zimbabwe, kumene ine ndi bambo ake, a Samueli, tinkagwira ntchito ya mgodi. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndipo munthu sindimutama chifukwa cha mapepala. Uyu ndikumutama chifukwa cha zimene anachita.

M'chaka cha 2008 Nowa ankagwira ntchito pa kakampani kena ka makompyuta ku Kadoma. Mnzake Fred ndiye ankapanga mapulogalamu. Ntchito ya Nowa inali kupatsa mabatani mayina ndi kulemba buku louza anthu poti adine. Awiriwa anapangira kachipatala ka mpingo ku Chinengundu, m'tauni ya Chegutu, pulogalamu yolembera odwala olandira mankhwala mwezi ndi mwezi. Atangomaliza, Fred anakwera basi ya ku Joni. Nowa nayenso anali m'njira, poti mlongo wake wa ku Mangalande anali atamupezera malo a ntchito.

Kenako kunabwera uthenga woti mayina akusowa. Magetsi akangothima, ndipo ankathima tsiku ndi tsiku, onse olembedwa tsikulo ankafufutika. Mankhwala ankabwera molingana ndi chiwerengero cha odwala, choncho ena ankabwerera chimanjamanja.

Nowa anakwera kombi, minibasi ya kuno, ulendo wa ku Chegutu. Anapeza Sisita Fungai, namwino wamkulu, atagwira m'chiuno.

"Mwabwera, a makina? Chinthu chanuchi chikudya anthu anga."

"Mumadina batani lomaliza lija, Sisita?"

"Liti? Buku lanu pena likuti batani, pena kabokosi, pena chobiriwira. Ndi zinthu zitatu kapena chimodzi?"

"Ndi chimodzi. Ichi apa."

Sisita anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Chimenecho sitikhudza. Tawerengani."

Pabatanipo panalembedwa kuti Sunga. Nowa anaona pomwepo pamene analakwitsa. Mabatani onse anawalemba m'Chishona, chimene amayankhula bwino kwambiri, koma liwu limodzili, la Chichewa, linazemba kuchokera kukhitchini kwa amayi ake, kumene kusunga ndi kusamala chinthu kuti chisatayike. M'Chishona kusunga munthu ndi kumumanga, ntchito ya apolisi. Ndipo chaka chimenecho, cha chisankho ndi zipolowe, palibe amene ankafuna dzina lake lidziwike pena paliponse. Kalaliki ankalemba dzina la wodwala ndi nambala ya nyumba, akaona liwu lija n'kubweza dzanja.

Atawafotokozera, Sisita kuseka kunawavuta kubisa. "Mwana wa ku Nyasalande iwe, umafuna kumangitsa odwala anga ndi chala changa chomwe?"

Nowa sanadziteteze, sanakankhire kwa Fred amene kunalibe. "Kulakwa ndi kwanga, Sisita. Sindichoka m'dziko muno mpaka munthu amene sanakhudzepo kompyuta atalemba wodwala ndi buku lokha, ine osatsegula pakamwa."

Kusintha liwu kunafuna Fred, amene foni yake inkagwira mwa apo ndi apo. Fred anamulangiza pang'onopang'ono mpaka batani linakhala Chengeta, ndilo liwu la Chishona lenileni. Koma buku ndi limene linamudyera nthawi. Analiyambanso ndi lamulo limodzi: chinthu chimodzi, dzina limodzi. Batani likhale batani kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Mawu a m'buku afanane ndi a pagalasi la kompyuta chilembo ndi chilembo. Buku linene pamene batani lili, komanso chimene chioneke ukadina. Pansi pa Chengeta anawonjezera chiganizo choti mayina satuluka m'chipatala muno, chimatuluka ndi chiwerengero chokha. Magetsi akathima ankapitiriza kulemba bukulo ndi pensulo.

Mlongo wake ankaimba foni mlungu uliwonse. "Achimwene, malowa sadikira munthu. Mukufera batani?"

"Ndinalonjeza, achemwali."

Tsiku loyesa, Sisita anaitana Mayi Roselyn, ogulitsa tomato pageti, odziwa kuwerenga koma osadziwa kompyuta. Anayenda bwino mpaka pamene buku linati asankhe mtundu wa mankhwala. Anaima, akufunafuna posankhira, poti buku silinanene za kamuvi kakang'ono kotsegula mndandanda. Nowa anadziluma mlomo, natola buku lake, nabwerera ku Kadoma kukakonza.

Pamene ankabweranso, malo a ku Mangalande anali atapatsidwa wina. Sanauze Sisita. Anakhala pabenchi la odwala, manja ali pakati pa mawondo. Mayi Roselyn anawerenga mokweza mzere ndi mzere, chala chili pabuku, chinacho pamakina. Anapeza kamuvi, anasankha, anafika pa Chengeta, nadina osanjenjemera.

"Basi?" anafunsa mayiwo. "Tomato wanga ali padzuwa."

Sisita anazimitsa makina dala, nawayatsanso. Dzina linalipo.

Mwezi wotsatira mankhwala anakwanira aliyense wa pabenchi lija. Nowa akadali ku Kadoma mpaka lero. Zimene analonjeza Sisita Fungai anazichita, pakamwa ali chitsekere.