Mizere Yokhota ya a Goodson

Ndaphunzitsa za mapu zaka makumi atatu ndi zinayi, ku Tamanda ndi masukulu ena awiri a kuno ku Chipata, koma tsiku limene anthu a bungwe lina loona za malo anabweretsa chithunzi cha mudzi wathu chojambulidwa kuchokera kumwamba, palibe anandiitana. Ndinapita ndekha. Anandilozera benchi yakumbuyo, ndipo mmodzi wa iwo ananditchula kuti "madala". Sindinaiwale. Koma nkhani ino si yanga, ndi ya a Goodson Daka.

A Goodson anabwera m'mudzi muno mu 1984 kuchokera cha ku Katete, atakwatira a Tereza. Kwathu kuno mwamuna amatsata mkazi pachikamwini, ndipo munda ndi wa mbumba ya mkaziyo. Anawapatsa munda woipa kuposa yonse, wa pamtsetse wa phiri, pomwe madzi a mvula sayima n'komwe. Sanadandaule. Anapita kwa alangizi a zaulimi, naphunzira kuyeza nthaka ndi timitengo titatu tomangidwa pamodzi ndi mwala wolendewera pachingwe. Kuyambira pamenepo mizere yawo inkadutsa phiri mopingasa, n'kumakhota pomwe nthaka yakhota, ndipo apo ndi apo ankabzala udzu wogwira nthaka. Anthu ankaseka, ndipo wotsogolera kuseka anali a Enoch, mlongo wa a Tereza.

"Alamu, kodi khasu lanuli limamwa kachasu?"

A Goodson ankangoyankha kuti, "Madzi ndi mlendo, alamu. Amafunika kumukhazika pansi."

Ana awiri anabadwa m'nyumba mwawo, onse anapita ali makanda. A Tereza anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo titangometa maliro a Enoch anayamba kunena zosudzula mlamu wawo kuti azibwerera kwawo. Kwawo kuti? Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, amene ku Katete ngakhale bwinja la makolo ake sangalilozenso! Nkhani ili chizengerezere, kunabwera a bungwe aja kudzalemba minda yonse mayina ndi kupereka mapepala. Tonse tinkadziwa kuti a Enoch akalembetsa dzina lawo pamundawo, a Goodson amanga katundu.

Mu Ogasiti a bungwewo anaulutsa kandege kopanda munthu, kolira ngati njuchi zosamuka. Nkhuku zonse zinathawira pansi pa nkhokwe poyesa ndi kabawi. Patapita masabata atatu anabwera ndi chithunzi chachikulu ngati mphasa, nachiyala pamadesiki m'kalasi, kusukulu ya m'mudzi muno.

Ine sindinakwerepo ndege. Ndakhala ndikujambula mapiri ndi choko moyo wanga wonse, koma dziko langa ndinaliona tsiku limenelo, ndili chiimire pabenchi ngati mwana wa giredi wani. Panali madenga a malata akunyezimira, mauvuni a njerwa, ngolo ya ng'ombe ziwiri panjira ya kuchigayo, ndi zidebe za amayi pamjigo ngati mikanda yomwazika. Mitengo yowirira inali malo amodzi okha, kumanda, chifukwa ndi kokhako kumene nkhwangwa imachita mantha. Ndipo kuchokera paphiri kutsika, zigwembe zofiira, ngati chilombo chinakanda nthaka ndi zikhadabo. Ndinapsa mtima. Za kukokoloka kwa nthaka ndinaphunzitsa anthu omwewa. Anakhoza mayeso, n'kubwerera kwawo kukaunga mizere yolozera kumtsinje.

Mayi amene ankatsogolera ntchitoyo ankaitana banja lililonse kuti lizungulize munda wake ndi cholembera. Itakwana nthawi ya mbumba ya a Tereza, a Enoch anadzuka mofulumira, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anawerama. Anazungulira desiki. Anazunguliranso. Kenaka anaika chala molimba.

"Apa."

"Umenewo ndi munda wa mpingo, amalume," anatero Edita, mwana wa mng'ono wa a Tereza, mayi wa ana anayi wogulitsa tomato pamsewu.

"Chithunzichi mwachizondotsa!" anakalipa a Enoch.

Ndinakweza dzanja kuti ndiwaonetse kumpoto. Anandiuza kuti ndidikire. Ndikudikirabe mpaka lero.

"Kodi amene amalima mundawo alipo?" anafunsa mayi uja.

A Goodson anabwera chipewa chili m'manja. Nawonso chithunzicho chinawasokoneza. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Amayi, mungondionetsa khomo la nyumba yanga."

Anawaonetsa kadenga kaudzu. Iwo anaika chala pakhomopo, nayamba kuyenda nacho pang'onopang'ono m'kamzere koyera kotuluka pamenepo, kopyapyala ngati ulusi. Kanali kanjira kamene iwo ndi a Tereza anaponda zaka pafupifupi makumi anayi. Ankalankhula ngati alidi panjira.

"Apa tadutsa khola la a Martha. Apa pali chulu, tikhotera kumanja. Apa mkazi wanga ankatula dengu n'kupuma. Tikwera tsopano. Tafika."

Anachotsa chala. Tonse tinasuzumira pamalopo. Pakati pa phiri lokandidwa lija panali malo amodzi athunthu, mizere yake yokhotakhota motsatana, yooneka bwino ngakhale m'chilimwe, ndipo panalibe chigwembe n'chimodzi chomwe. A Goodson eni ake anafunsa motsitsa mawu, "Ndi wanga uja umenewu?" Anali asanauonepo wonse nthawi imodzi.

Edita sankayang'ana mundawo. Ankayang'ana m'munsi mwake, m'mbali mwa mtsinje, pomwe pali madimba. Madimba onse oyang'anizana ndi zigwembe anali oyera ndi mchenga. Limodzi lokha ndilo linali lobiriwira, ndipo linali kunsi kwenikweni kwa mizere yokhota ija.

"Ili ndi dimba langa," anatero. Anatembenuka. "Amalume, pamwambo wathu munda wa amayi aakulu ugwera ndani?"

"Mbumba," anayankha a Enoch. "Ine ndingoyang'anira."

"Mbumbayo ndi ine."

"Inde ndiwe, koma dzina lolemba..."

Edita anatembenukira kwa mayi wa bungwe uja. "Amayi, papepalapo mayina awiri amakwana?"

Mayi uja anati amakwana.

"Lembani langa. Pansi pake mulembe la bambo awa."

A Enoch anamenya desiki. "Mkamwini papepala la munda? Zinayamba liti zimenezi?"

"Zayamba lero, amalume. Mukawasudzula, mchenga wa phiri lonseli ukatsikira m'tomato wanga, mudzabwera ndi fosholo? Inu amene mumafuna kulanda munda wa abusa pompano?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. A Enoch anatuluka, ndipo mpaka pano salonjerana ndi Edita. Mayina awiriwo analembedwa.

Ena akuti Edita anachita chifundo. Ine ndikuti anaona tomato wake, ndipo sindimuda nazo. Amene ndikuwada ndi ife tonse, amene tinadikira kandege ka kutauni kuti katiuze zimene munthu anachita ndi khasu pamaso pathu zaka makumi anayi.

Pali lamulo lina losalembedwa kwathu kuno: mkamwini sabzala mtengo m'munda wa eni, chifukwa mtengo umanena kuti wobzalayo sachoka. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, ndinakumana ndi a Goodson akukankha njinga kukwera phiri, pakaliyala atamanga mbande zitatu za mango.

"A Daka, mudzadya zimenezi pa msinkhu wanuwu?"

"Kaya, aphunzitsi," anatero, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Tandigwirirani njingayi, chingwe chamasuka."

Ndinawagwirira, ndipo tinakwera limodzi.